Nkhokwe za ku Kanengo ndi Cigayo ca Kwathu

Ana inu a ku Linthipe, mukaima m'mbali mwa mseu waukuru m'miyezi ya Juni ndi Julai, dzinthu zitalowa m'mudzi, muona malole olemedwa ndi matumba alikunka ku Lilongwe. Apyola pa Chimbiya, aoloka mtsinje wa Diamphwe, napitirira pa Kamphata ndi pa Nathenje. Matumba ena atsikira m'misika ya mumzinda, koma ena sapuma kufikira atafika ku malo ochedwa Kanengo, kumpoto kwa mzindawo. Kumeneko kuli nkhokwe zoposa nkhokwe zonse za m'dziko lathu. Ziri zobulungira monga nkhokwe ya atate wanu, koma anazimanga ndi simenti ndi zitsulo, ndipo zaima m'mizere mophatikana, zazitari kotero kuti munthu aziona akali kutari ndithu. Anthu a m'tauni azicha masailo. Kodi anazimanga ndani, ndipo cinawaopsa nciani kuti amange zotere?

Tisanafike kumeneko tiyambe tayang'ana nkhokwe ya pakhomo, pakuti iyo ndiyo mai wa zinazo.

Nkhokwe ya pakhomo

Mwamuna adula nsungwi, nazing'amba, naziluka. Aikhazika pa mitengo yogonekedwa pa miyala, kuti cinyontho ca pansi ndi ciswe zisafikeko, ndipo pamwamba abvundikira denga la udzu. Mphepo ilowa m'mipata ya nsungwi niumitsa cimanga ciri m'makoko ace. Makolo athu sanali kuwerenga matani. Anali kungoyang'ana nkhokwe ndi maso, nadziwa ngati banja lidzafika nayo pa dzinthu zatsopano kapena iai.

Adani a nkhokwe ndiwo madzi, makoswe ndi anankafumbwe. Mu 1991 kunaoneka mdani wina woposa, ku Karonga, wocokera ku Tanzania: kacirombo kobowola cimanga cikali pa citsononkho, ndi mitengo yomwe ya nkhokwe. Cifukwa ca iko, ndi cifukwa ca akuba, ambiri lero atonola cimanga cao, nathira mankhwala, nacisunga m'matumba m'nyumba yogona. Ndico cace nkhokwe za nsungwi zacepa m'midzi yathu.

Koma nkhokwe ya pakhomo, ingakhale yabwino, iri ndi malire ace. Isunga banja limodzi caka cimodzi. Mvula ikakana m'dziko lonse, nkhokwe zonse zigwa tsiku limodzi, ndipo palibe mnansi wakubwereka mnzace. Ndiponso anthu a m'tauni alibe munda. Adya cimanga colimidwa ndi ena. Munakumbukira za Yosefe, amene anakundika tirigu m'midzi ya Aigupto zaka zadzinthu kuti anthu adye zaka zanjala. Nzeru imeneyo ndi yakale, koma dziko lathu linaiphunzira ndi misozi.

Njala ya 1949

Kumapeto kwa caka ca 1948 mvula inagwa, anthu nabzala, mmera numera bwino. Pamenepo mvula inaleka masabata ambiri, dzuwa nilitentha mmera wonse. Njala inakula makamaka m'cigawo ca kumwera, ku Blantyre, ku Lunzu ndi ku Lirangwe. Amuna anayenda ulendo wa masiku ambiri kunka ku mapiri a ku Ntcheu ndi ku dziko la Apwitikizi kukasuma. Ena anabwera ndi kathumba pamutu, ena sanabwerenso. Akazi anakumba mizu ya kuthengo, naiphika nthawi yaitari kuti ciphe cace cicoke.

Masiku amenewo dziko linali kuchedwa Nyasaland, ndipo Bwanamkubwa anali Sir Geoffrey Colby. Boma linali nalo bungwe logula ndi kugulitsa cimanga, la Maize Control Board, lokhazikitsidwa mu 1946. Koma bungwelo linalibe cimanga cambiri cosungira caka coipa. Potero Boma linagula cimanga ku maiko akunja, ndipo cinacedwa panjira. Miyezi yowawitsa inali ya kuciyambi kwa 1950, pamene Boma linatsegula misasa yodyetserako ofoka. Patapita zaka zambiri, mai wina wolemba mbiri, dzina lace Megan Vaughan, anayenda m'midzi ya ku Blantyre kufunsa za njalayo, napeza kuti akazi anaisunga mbiri yace m'nyimbo za pamtondo. Buku lace linaturuka mu 1987.

Bungwe lija linasintha maina kangapo. Mu 1962 linachedwa Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 linasanduka ADMARC, dzina limene agogo anu alidziwa bwino, pakuti ndiko anali kugulitsa mtedza ndi cimanga cao.

Makina okweza dzinthu

Kusunga dzinthu za dziko lonse m'matumba kuli kobvuta. Matumba afuna ndalama, makoswe awaboola, ndipo pafunika anthu ambiri akusenza. Njira ina inapezeka kutari, ku Amerika, m'mzinda wa Buffalo, umene uli pa doko la nyanja ya Erie. Tirigu anali kufika kumeneko m'zombo zazikuru za panyanja, ndipo anayenera kumsamutsira m'ngalawa zazing'ono zoyenda m'ngalande yokumbidwa ndi anthu, imene inatsegulidwa mu 1825. Amuna anali kumsenza pamsana, ndipo combo cimodzi cinali kutha masiku cisanatsitsidwe conse.

Mu 1842 munthu wamalonda, Joseph Dart, pamodzi ndi mmisiri wa makina, Robert Dunbar, anamanga nyumba yaitari pa dokopo. M'kati mwace anaika lamba wozungulira kosaleka, womangiriridwa tindowa tambiri, woyendetsedwa ndi mphamvu ya nthunzi. Tindowa titapa tirigu pansi, tikwera naye pamwamba, timkhuthulira m'nkhokwe, nitibwerera pansi topanda kanthu kukatapanso. Nzeruyo Dart anaitenga kwa Oliver Evans, amene anayamba kukweza tirigu ndi tindowa totere m'cigayo cace. Makinawo anayamba nchito mu 1843. Azungu anawacha elevator, ndiko kunena cokweza. Taonani kupepuka kwace kwa nzeru imeneyi: mukweze dzinthu kamodzi kokha, ndipo potsika zidzatsika zokha ndi kulemera kwace, monga madzi.

Kanengo

Mu 1975 likuru la dziko linacoka ku Zomba kudza ku Lilongwe, ndipo malo a Kanengo anapatulidwa akhale a mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. Mu 1979 njanji yocokera ku Salima inafika kumeneko. Malowo anali oyenera nkhokwe: ali pakati pa dziko, pafupi ndi minda yaconde ya ku Lilongwe, Dedza, Dowa, Mchinji ndi Kasungu, ndipo mseu ndi njanji zikomana pomwepo.

Mu 1980 dzinthu sizinace bwino cifukwa ca cilala, ndipo Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linagula cimanga kunja. Cinthu cimeneci cinali ca manyazi kwa mtsogoleri amene anali kunena kawiri kawiri kuti anthu ace akhuta. Ndiponso iye ndi akuru anzace anali asanaiwale 1949. Tsono mu 1981 Boma linakhazikitsa cimanga cosungira tsoka, coti cikhale m'nkhokwe za simenti zomangidwa ku Kanengo m'zaka zomwezo. Nkhokwezo zilowa matani 180,000. Wozisunga poyamba anali ADMARC.

Lole ikafika pa cipata ikwera pa sikelo yaikuru, niyesedwa pamodzi ndi katundu wace. Ikatsitsa iyesedwanso, ndipo kusiyana kwace ndiko kulemera kwa cimanga. Kalaliki abaya matumba ndi citsulo cosongoka camphako, natapa maso pang'ono kuti aone ngati muli zinyalala, anankafumbwe kapena maso obvunda. Koposa zonse ayesa cinyontho. Cimanga cosungika bwino cisapose magawo 13 a madzi pa magawo 100; cikaposa, citentha cokha m'nkhokwe, cimera cuku, nicibvunda, ndipo cuku cina ciri ndi ciphe coononga ciwindi ca munthu. Cimene cabvomerezeka acikhuthulira m'dzenje. Tindowa tija ticikweza pamwamba, ndipo lamba wina wogona acipereka ku nkhokwe imene iri ndi malo. Anchito ayang'anira kutentha kwace, alowetsa mpweya wa mankhwala wakupha tizirombo, ndipo nthawi zina asamutsa cimanga kucicotsa m'nkhokwe ina kunka m'inzace kuti cipume.

Inunso mukhoza kuyesa cinyontho kwanu popanda makina. Amai aluma diso la cimanga: likasweka ndi kulira kuti go, lauma. Njira ina ndi iyi: tengani botolo louma bwino, muthiremo cimanga ndi mcere wouma, mutseke, mukhucumule. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, cimangaco cibwerere padzuwa.

Tsopano tengani masileti anu tiwerenge. Tani imodzi ndiyo makilo 1,000, ndiwo matumba 20 a makilo 50. Potero matani 180,000 ndiwo matumba 3,600,000. Lole yaikuru ikasenza matumba 600, pafunika malole 6,000 kuti nkhokwezo zidzale. Tiyese kuti banja la anthu asanu lidya thumba limodzi pa mwezi, ndiwo matumba 12 pa caka: cimangaco cikwanira mabanja 300,000, kapena anthu 1,500,000, caka cathunthu. Ciwerengero cacikuru ndithu! Koma kalembera wa 1977 anapeza anthu oposa 5,500,000 m'Malawi, ndipo wa 2018 anapeza oposa 17,500,000. Gawani nokha, mudzaona kuti cimanga cimene cikadadyetsa dziko lonse miyezi itatu pamene nkhokwe zinamangidwa, tsopano cingathe pa mwezi umodzi. Nkhokwe sizinakule, koma pakamwa pacuruka.

Cifukwa cace cimanga ca ku Kanengo sicikhala ca kudyetsa anthu onse caka conse. Nchito yace ndiyo kugwiriziza anthu pamene cimanga ca kunja cikali panjira. Dziko lathu liribe doko la nyanja yamcere. Katundu adzera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo atha masabata kapena miyezi. Mwana wanjala sakhoza kulindira miyezi.

Nkhokwezo zinayesedwa msanga. Kuyambira 1986 anthu ambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique analowa m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo anakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, pafupi ndi ife. Mu 1992 kunagwa cilala cacikuru m'maiko onse a kumwera kwa Afrika, ndipo zokolola za cimanga m'Malawi zinacepa koposa theka. Cimanga ca m'nkhokwe sicinakwanire. Cinadza cimanga cacikasu ca ku Amerika, cimene akuru akali kucikumbukira cifukwa nsima yace inali yacilendo m'maso ndi m'kamwa. Koma anthu anadya, napulumuka ambiri.

Caka cimene nkhokwe zinapezeka zopanda kanthu

Mu 1999 Boma linapereka nkhokwezo m'manja mwa bungwe latsopano, la National Food Reserve Agency, limene liziyang'anira kufikira lero. Bungwelo linakongola ndalama ku mabanki nkugula cimanga, ndipo mu 2000 munali matani oposa 160,000. Koma ngongole inali kukula ndi ciongoladzanja, ndipo kusunga cimanga kudya ndalama caka ndi caka. Bungwe la maiko lokongoza ndalama, la IMF, linalangiza kuti agulitseko cina kuti abweze ngongole, asiye matani 60,000.

Cimene cinacitika ncakuti pofika pakati pa 2001 pafupifupi cimanga conse cinali citagulitsidwa. Cina cinaturuka kunja kwa dziko, cina cinagulidwa ndi amalonda amene anacisunga kulindira mtengo ukwere. Caka comweco mvula inacuruka, minda inamira, dzinthu sizinace. Boma linaitanitsa cimanga ku South Africa, koma cinafika pang'ono pang'ono, ndipo mtengo wa m'misika unakwera kangapo konse.

Funsani amai anu za miyezi ya Januwale ndi Febuluwale 2002. Cigawo cathu ca pakati cinasauka kwambiri. Anthu anagulitsa mbuzi ndi nkhuku pa mtengo wacabe, anadya gaga, zitsa za nthoci ndi masamba okha; anathyola cimanga cisanakhwime, ndipo ana ambiri analeka sukulu. Pa 27 Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Anafa ambiri, ena awerenga mazana, ena zikwi. Pambuyo pace panali kulozana zala: a Boma anati tinatsata uphungu, a IMF anati ife sitinanene kuti mugulitse conse, ndipo bungwe lofufuza za ziphuphu linafunsa amene anagula cimangaco. Ine ndiyesa kuti njala ya 2002 inawawa koposa ya 1949 pa cinthu cimodzi: mu 1949 nkhokwe kunalibe, koma mu 2002 zinalipo, zitaima ciriri ndi simenti yace yolimba, m'kati muli mphepo yokha.

Tsoka lina linaoneka mu 2013, pamene kunamveka kuti matani zikwi zambiri anabvunda ku Kanengo cifukwa madzi a mvula analowa m'nkhokwe. Denga lodontha liononga cimodzimodzi, likhale la udzu kapena la simenti.

M'masiku a Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene analamulira kuyambira 2004 kufikira 2012, Boma linamanga nkhokwe zina zazitsulo ku Mangochi, ku Luchenza ndi ku Mzuzu, malo onse a matani 20,000, kuti cimanga cikhale pafupi ndi anthu a zigawo zonse. Atate wanu akakhala ndi ndalama ya pepala ya K1,000, muwapemphe muione: kumaso kuli Dr. Banda, ndipo kumbuyo kwace kuli nkhokwe za ku Mzuzu.

Cigayo

Cimanga ca m'nkhokwe sicinakhale nsima. Pakati pa nkhokwe ndi mphika pali nchito ina, imene kale inali ya akazi okha, ndipo inali yowawa. Mai akonola cimanga mumtondo atawazamo madzi, napeta ndi licero kucotsa gaga. Mphale aibviika masiku awiri kapena atatu, naibvuula, naitsuka, naiyanika pang'ono. Pamenepo asinja, nasefa, nasinjanso misere yotsala, nayanika ufa pa mphasa. Ufa woyera wa banja limodzi unali kudya maora ambiri sabata ndi sabata, ndipo kulira kwa minsi kunali kudzutsa mudzi tambala asanatsike.

Cigayo cinasintha zimenezi. M'mimba mwace muli timinsi tacitsulo tozungulira mofulumira kwambiri, toyendetsedwa ndi injini ya dizilo kapena ndi magetsi. Timenya cimanga kufikira cisanduka ufa wotha kupyola pa sefa wacitsulo, ndipo mphepo ya makina iukankhira m'cifanizi ca nyanga cimene muchera thumba lanu kunsi kwace. Ndico cinabala mau akuti mgaiwa, ufa wa cimanga cogayidwa cosakonola. Ambiri aupeputsa mgaiwa, nati ngwa osauka kapena ngwa ku sukulu yogonera konko. Koma m'gaga ndi m'kamtima ka diso la cimanga muli mafuta ndi zolimbitsa thupi zimene ufa woyera wataya, ndipo thumba logayitsa mgaiwa likhalitsa koposa lokonola. Pambuyo pace kunadza makina okonolera, ndipo tsopano mitondo yambiri yatsala ya nsinjiro ndi cigwada.

Mtondo, ngakhale unagonja, unalamulira mbeu zimene tibzala. Cimanga ca makolo ciri colimba: cikonoleka bwino osasweka, ndipo anankafumbwe acibvutikira. Cimanga ca haibulidi coyamba cinali cofewa, cinali kunyenyeka mumtondo, ndipo akazi anacikana cingakhale cinali kubereka kwambiri. Akatswiri a ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, anamva dandaulo limeneli, ndipo mu 1990 anaturutsa mbeu za MH17 ndi MH18, zobereka ngati haibulidi koma zolimba ngati za makolo.

Zigayo zazikuru za m'tauni zinalipo ndithu. Kampani ya Grain and Milling, ya ku Limbe, inali kugaya ufa wocuruka nkuuika m'mapaketi, ndipo anthu anaucha Gramil. Pamene Boma linali kugulitsa makampani ace, iyo inagulidwa ndi kampani ya Bakhresa ya ku Tanzania, yodziwika ndi ufa wa tirigu wophikira buledi ndi mandasi. Koma pano pali cinthu codabwitsa. Ku Lusaka ndi ku Harare anthu ambiri a m'tauni agula ufa wa m'sitolo wogayidwa ndi makampani. Kuno kwathu, ngakhale mu Lilongwe momwe, ambiri agula cimanga ca maso, kapena acitenga kumudzi, napita naco okha ku cigayo ca pafupi. Mai afuna kuona ndi maso ace cimanga cimene ana ace adzadya, afuna kusankha yekha ngati akonole kapena iai, ndipo safuna kusiya gaga wace. Potero kusunga kunapita ku mzinda, koma kugaya kunatsala m'midzi.

Mwezi wa Febuluwale, pamene matumba a m'nyumba apepuka ndi cimanga ca m'munda cikali ngaiyaye, malole aja muwaona alikubwerera, kucokera ku Lilongwe kunka ku Dedza. Caka ca njala ena a iwo asenza cimanga ca ku Kanengo, coti cigulitsidwe m'misika ya ADMARC kapena cigawidwe kwa osowa. Amai akalandira gawo lao akutumani ku cigayo ndi beseni pamutu. Kapena mwa maso amene muwathira m'cigayomo muli ena amene anamera m'munda wa ku Linthipe konkuno, nakwera lole, nakwezedwa ndi tindowa, nakhala mumdima wa nkhokwe ya simenti caka cathunthu kapena ziwiri. Muime pa mzere, muyang'anire wogayitsa poyesa ndi citini cace, mugwedeze thumba kuti ufa wonse utsike. Ndipo ngati mwakonoletsa, musaiwale kutenga gaga, pakuti amai adzamfunsa.